Mbuzi ya Köln, chikho cha amayi ndi timu yomwe inkakana kugonja

Lachitatu, 8 May 2024, Köln

Ndafika bwino abale. Ndege inatera ku Frankfurt m'mamawa, sitima n'kunditula ku Köln patangotha ola limodzi. Ukangotuluka pa siteshoni, tchalitchi chachikulu chija chimakhala chili poteropo, chakuda bii ngati mphika wa pamafuwa, nsanja zake ziwiri zitaloza kumwamba. Achemwali anandipeza ndili chiimire, khosi litapindikira m'mbuyo, kukamwa kuli yasa.

Alamu ndi Mjeremani. Anagwirapo ntchito ku Zomba, ndiye Chichewa amayankhula, chothyokathyoka koma chomveka. Pondilandira chikwama anati, "Alamu, mwafikira pa maliro." Mtima unagunda. Achemwali anangoseka. Malirowo ndi a 1. FC Köln, timu ya alamu, yomwe ili pa nambala 17 mwa matimu 18 a mu Bundesliga, kutatsala masewero awiri okha.

Ine chandibweretsa, kupatula kudzaona abale, ndi Bayer Leverkusen. Chaka chonse takhala tikuionera pa kanema kumudzi ikukana kugonja, ndipo ligi inatenga kale pa 14 April itakwapula Werder Bremen 5-0. Bayern Munich inali itakhalira mpando umenewu zaka 11 zotsatizana. Nditatchula Leverkusen patebulo, alamu anaika foloko pansi. "Imeneyo si timu. Ndi fakitale ya mankhwala." Tauniyo ili kutsidya kwa mtsinje wa Rhine, pafupi pomwepa. Mukudziwa kale mmene anthu oyandikana amakonderana pa nkhani ya mpira.

Usiku taonera Real Madrid ikutulutsa Bayern mu Champions League, Joselu atamwetsa zigoli ziwiri kumapeto kwenikweni. M'nyumba muno palibe yemwe walira.

Lachinayi, 9 May

Lero ndi holide, tsiku lokumbukira kukwera kumwamba kwa Yesu, lomwe kuno amatinso ndi tsiku la abambo. M'misewu madoda akukoka tingolo todzaza mowa. Ife takwera tramu kupita ku Müngersdorf, kubwalo la RheinEnergieStadion, chifukwa mwana wa achemwali, mtsikana wa zaka 11 yemwe amasewera pakati m'timu ya atsikana ya m'dera lawo, anagamula kalekale kuti amalume akafika, choyamba n'kukaonera ndime yomaliza ya chikho cha amayi. Wolfsburg ndi Bayern.

Ndiulule. Ndinanyamuka ngati munthu woperekeza mwana. Ndinkaganiza kuti tikapeza mipando ili mbee, tisankhe tokha pokhala. Takapeza anthu oposa 44,000. Agogo, makanda m'tingolo, magulu a atsikana atavala majezi a makalabu awo, komanso madoda amimba zawo akukuwa mpaka mawu kusasa. Kale ndime yomaliza imeneyi inkachitikira ku Berlin ngati kalambula bwalo wa abambo, anthu akulowa kumene, ena akadali pamzere wa soseji. Kuyambira mu 2010 anaisamutsira kuno ku Köln kuti izikhala ndi tsiku lakelake, ndipo ndaona ndekha kuti amene anaganiza zimenezi anaganiza bwino.

Bayern inabwera ngati akatswiri a ligi ya amayi, yomwe anaitenga sabata yathayi asanagonjepo. Koma chikho chili ndi eni ake. Jule Brand anamwetsa choyamba, Dominique Janssen n'kuwonjezera chachiwiri asanakapume, basi nkhani n'kuthera pa 2-0. Aka n'kakhumi kotsatizana Wolfsburg ikunyamula chikhochi. Mwana uja, yemwe Wolfsburg ikuyamba mndandanda umenewu anali akadali kamwana kakang'ono, sanaonepo timu ina ikuchitenga.

Maso anga anakakamira pa Lena Oberdorf. Mtsikana ameneyu akalowa pa mpira amalowa ndi thupi lonse, ndipo mnzake akagwa samucheukira. Chodabwitsa n'chakuti anasaina kale kuti akupita ku Bayern ligi ikatha. Lero amaswa mabwana ake a mawa popanda manyazi. Alexandra Popp naye, mutu wake uli ngati nyundo.

Bambo wina wa jezi ya Bayern yemwe ndinayandikana naye anandifunsa kwathu. Nditati Malawi, anagwira kumutu n'kunena mawu amodzi: "Chawinga." Mu January, Paris Saint-Germain inalepherana ndi Bayern 2-2 ku Munich, Tabitha atamwetsa chimodzi mwa zigolizo, ndipo Bayern inatuluka mu Champions League ya amayi tsiku lomwelo. Ndinakhala mowongoka pampando. Ndinamukumbutsanso, mwaulemu ndithu, kuti aneba athu a Zambia anathambitsa Germany 3-2 ku Fürth mu July chaka chatha, Barbra Banda atamwetsa ziwiri, ndipo akumananso m'gulu limodzi pa Olympics ku Paris. Anaseka n'kunena kuti chimenecho chinali chizindikiro cha tsoka, poti patangotha mwezi Germany inatuluka mu World Cup m'ndime ya m'magulu, koyamba m'mbiri ya timu ya amayi.

Usiku, Leverkusen ndi Roma pa kanema, mu Europa League. Roma inatsogola 2-0 ndi mapenate awiri, alamu akuyendayenda pabalaza ngati mwana wolandira nsapato zatsopano. Kenako Roma inadzimwetsa yokha, ndipo pa mphindi ya 97 Josip Stanišić anabweza chachiwiri. Alamu anazimitsa kanema osanena kanthu. Amenewa ndi masewero 49 osagonja.

Loweruka, 11 May

Bwalo lomwe lija, koma lero ndi dziko lina. Mnzawo wa alamu wadwala, ndiye ndalowa ndi tikiti yake kumalo oimirira, kuseri kwa golo yakumwera. Tikiti ya mpira imakhalanso tikiti ya tramu, palibe kulipira kawiri. Kulibe mpando, ndipo palibe woufuna. Uima phewa ndi phewa ndi anthu omwe sukuwadziwa, mbendera ikukuphimba kumaso, kutsogolo mnyamata wa chimkuzamawu atafulatira mpira, ntchito yake n'kuyambitsa nyimbo basi. Chikho cha mowa umachilipirira chikole, ukachibweza akubwezera ndalama yako. N'chifukwa chake sizimwazika pansi.

Ndiyeno mbuzi. Mbuzi yeniyeni, tonde wa ndevu, ataimitsidwa m'mbali mwa bwalo. Dzina lake ndi Hennes, ndipo uyu ndi wachisanu ndi chinayi pa mzere wa atonde kuyambira mu 1950. Amakhala kumalo osungira nyama mumzinda muno, tsiku la mpira n'kumubweretsa. Kwathu mbuzi itaima chonchi pafupi ndi golo, timu ya alendo ikanalowera pampanda, ati mankhwala. Tonde ameneyu ngati ali ndi mankhwala ndiye anasukuluka, chifukwa pasanathe mphindi 20 Union Berlin inali itatsogola 2-0.

Apa mpamene ndaona chinthu chomwe sindinazolowere. Timu ikutuluka mu ligi maso akuona, koma anthu osachoka, nyimbo osaleka. Kutukwana kunalipo ndithu, ndipo mawu ena achijeremani ndawaphunzira lero omwe sindingawabwereze pamaso pa achemwali. Florian Kainz anabweza chimodzi pa penate. Nthawi inkatha. Kutatsala mphindi zochepa Steffen Tigges anafananitsa, ndipo m'nthawi yowonjezera kamnyamata kotchedwa Damion Downs kanamwetsa chachitatu. Zomwe zinachitika kenako sindingazilongosole bwino. Ndinapezeka masitepe anayi kutsika, malaya atanyowa ndi mowa wa eni ake, gogo wina wandevu zoyera atandikumbatira akulira ngati ndine mwana wake wobwera ku Joni.

Madzulo tinakhala m'bala ina. Mowa wa kuno, Kölsch, amathira m'timatambula tating'ono, ndipo woperekera amangobweretsa kena kakatha, mpaka utavundikira tambula yako. Ndazindikira mochedwa lamulo limeneli. Alamu anandimasulira chomwe amanyozera Leverkusen. Kuno kuli lamulo lotchedwa 50+1: mavoti ochuluka m'kalabu ayenera kukhala m'manja mwa mamembala, osati mwa munthu wachuma. Alamu ndi membala wa Köln, mmodzi mwa anthu oposa 100,000, amalipira chaka ndi chaka ndipo amakavota pa msonkhano waukulu. Leverkusen ya kampani ya Bayer ndi Wolfsburg ya Volkswagen zinapatsidwa chilolezo chapadera chifukwa makampaniwo akhala akuzilera kwa zaka zambirimbiri.

Anandiuzanso za mu February. Akuluakulu a ligi ankafuna kugulitsa gawo la ndalama za pa kanema kwa kampani yoika ndalama m'mabizinesi, kwa zaka 20, pamtengo wa mayuro pafupifupi 1 biliyoni. Ochemerera anakana. Sabata ndi sabata ankaponya timipira ta tenisi ndi tindalama ta chokoleti m'bwalo, ena mpaka timagalimoto toseweretsa ana, mpira n'kumaima kwa mphindi zambiri. Pa 21 February akuluakulu aja anagwetsa manja. Alamu amafotokoza nkhaniyi ngati ndi chikho chomwe Köln yatenga chaka chino.

Ndinawauza kuti kwa ine timu ya kampani si chachilendo. Tinakula ndi Bata Bullets ndi Limbe Leaf Wanderers, ndipo dzina la timu limasintha malinga ndi yemwe wagula majezi. Anandiyang'ana mwachisoni ngati ndawauza kuti ndinakula wamasiye.

Lachiwiri, 14 May, Dortmund

Ndayenda ndekha ndi tikiti ya mayuro 49 (mtengo wa mu 2024), yomwe umakwera nayo sitima zoima paliponse, mabasi ndi matramu dziko lonse kwa mwezi wathunthu. Sitima inachedwa, ina n'kusowa osafotokoza. Amene amati azungu sachedwa abwere adzaone.

Nyumba yosungira mbiri ya mpira wa Germany ili moyang'anizana ndi siteshoni. Za abambo ndinkazidziwa: World Cup ya 1954, 1974, 1990 ndi 2014, kenako manyazi a 2018 ndi 2022 otuluka m'magulu. Franz Beckenbauer anamwalira mu January, Andreas Brehme mu February, ndiye anthu amaima nthawi yaitali pa zithunzi za 1990.

Zomwe zandikhalitsa ndi za amayi. Mu 1955 bungwe la mpira la DFB linaletsa makalabu ake kulola akazi kusewera, ati n'zosayenera thupi la mkazi, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1970. Mu 1989 amayiwo anatenga chikho cha Ulaya koyamba, mphoto yomwe bungwelo linawapatsa n'kukhala makapu ndi mbale zomwera khofi. Anthu omwewa pambuyo pake anadzatenganso chikho cha Ulaya kasanu ndi kawiri, World Cup mu 2003 ndi 2007, ndi golide wa Olympics mu 2016. Ndinakumbukira Lachinayi lija, anthu 44,000 aja. Agogo aakazi ena omwe ndinawaona akuimba tsiku limenelo anali atsikana pa nthawi yomwe kumenya mpira kunali mlandu.

Ndinapitanso kukazungulira Signal Iduna Park, bwalo la Borussia Dortmund. Mbali yakumwera yokha imaimika anthu pafupifupi 25,000. Mumzinda monse nkhani ndi ya ndime yomaliza ya Champions League, Dortmund ndi Real Madrid, ku Wembley pa 1 June.

Lachinayi, 16 May

Julian Nagelsmann, mphunzitsi wa timu ya dziko la Germany, walengeza timu ya Euro, yomwe iyambe pa 14 June ku Munich, Germany ndi Scotland. Mayina ambiri anali atatuluka kale limodzilimodzi sabata yonseyi, lina pa nkhani za pa kanema, lina kwa ophika buledi. Mats Hummels mulibe ngakhale wafikitsa Dortmund ku Wembley, Leon Goretzka mulibenso. Toni Kroos, yemwe anabwerera mu March, alimo. Mwana wa achemwali akufuna jezi ya pinki ija. Ndaona mtengo wake, ndayamba kuyang'ana masokosi.

Lachisanu, 17 May, Leverkusen

Ndazemba alamu. Tauni yake ndi yachete, ya anthu ogwira ntchito, chizindikiro chachikulu cha Bayer chikuonekera kutali. BayArena imalowa anthu 30,000 okha, ndipo tikiti ya mawa ndi maloto. Ndangozungulira kunja ngati fisi pakhola.

Mayi wina wachikulire wa sikafu yofiira ndi yakuda anandiwerengera mabala ake pa zala. Mu 2000 anangofunika kulepherana ku Unterhaching, Michael Ballack n'kudzimwetsa yekha. Mu 2002 anataya ligi, anataya chikho kwa Schalke, anataya Champions League kwa Real Madrid ndi chigoli cha Zidane chija ku Glasgow, zonse m'masabata ochepa. Dziko lonse linkawatcha Vizekusen, kutanthauza achiwiri osatha. Chikho chomaliza chinali cha 1993. Mphunzitsi Xabi Alonso anafika mu October 2022 timu ili yachiwiri kuchokera pansi. Mayiyo analibe fungo la fakitale ayi. Anali munthu yemwe wadikira zaka 31, ndipo pofotokoza milomo inkanjenjemera. Zimenezi alamu sindiwauza.

Loweruka, 18 May

Tsiku lomaliza la ligi, masewero onse asanu ndi anayi amayamba limodzi hafu pasiti 3. Tinali m'bala yodzaza anthu a Köln. Pankafunika kuti Köln ipambane ku Heidenheim, Union igonje, zigoli nazo ziwerengeke bwino. Masamu onsewo sanafunike n'komwe. Popita kokapuma Köln inali itamwa zitatu, ndipo inathera 4-1. Heidenheim ndi katauni ka anthu pafupifupi 50,000, mphunzitsi wake Frank Schmidt ali pampando kuyambira 2007, ndipo m'chaka chawo choyamba mu Bundesliga amaliza pa nambala 8. Köln, yomwe inali yoyamba kutenga Bundesliga mu 1964, yatsika kachisanu ndi chiwiri.

Ine ndinkaba ndi diso kanema wa pakona. Victor Boniface wa ku Nigeria ndi Robert Andrich anamwetsa, Leverkusen 2 Augsburg 1. Masewero 34, kupambana 28, kulepherana 6, mapointi 90, osagonja ngakhale kamodzi. Palibe timu inachitapo zimenezi mu Bundesliga ya abambo. Ndinakondwera cha mumtima, nkhope ili ya pamaliro. Bayern yagonja 4-2 ku Hoffenheim n'kutsikira pachitatu, kumbuyo kwa Stuttgart ya Serhou Guirassy, ndipo Harry Kane ndi zigoli zake 36 watsala chimanjamanja. Ku Dortmund, Marco Reus wamwetsa pa masewero ake otsanzikira pakhomo n'kugulira mowa anthu onse a mbali yoimirira ija.

Alamu sanalire. Anakhala duu, kenako anayamba kuwerenga pa zala matimu omwe akumane nawo chaka chamawa: Hamburg, Schalke, Hertha, Nürnberg, Kaiserslautern. "Ligi yachiwiri ndiye ya matimu enieni," anatero. Nkhandwe ikalephera kufikira chipatso imati n'chowawasa, koma poona mayinawo sindinawatsutse.

Lolemba, 20 May

Holide ina. Taperekeza mwana ku mpikisano wa atsikana pa kabwalo ka m'dera. Mphunzitsi wawo salandira kanthu, makolo amagulitsa makeke, woimbira ndi mnyamata wa sekondale. Makalabu otere alipo pafupifupi 24,000 m'dziko muno. Timu yawo yagonja kawiri n'kupambana kamodzi, iye wachoka ndi bondo lonyuka akunyadira kuti walowa ngati Oberdorf. Ligi ya amayi yathanso lero, Bayern osagonja. Akatswiri awiri osagonja m'chaka chimodzi, koma manyuzipepala akukamba za mmodzi.

Lachitatu, 22 May

Atalanta 3, Leverkusen 0, ku Dublin, ndime yomaliza ya Europa League. Zonse zitatu Ademola Lookman. Tinadikira zozizwitsa za kumapeto zija, sizinabwere. Ulendo wa masewero 51 wathera pomwepa. Alamu atsegula botolo lomwe amasungira alendo olemekezeka.

Loweruka, 25 May, Berlin

Mnzawo wa alamu wa kuntchito ndi membala wa Kaiserslautern chibadwire, ndipo umembalawo ndi womwe watipezera matikiti a ndime yomaliza ya chikho cha DFB. Choncho ine, amene ndinawoloka nyanja kudzaona Leverkusen, ndaionera nditakhala pakati pa adani ake.

Kaiserslautern ili mu ligi yachiwiri, ndipo chaka chino yapulumuka movutikira, yamaliza pa nambala 13. Koma ndi timu ya Fritz Walter, kaputeni wa 1954, ndiponso timu yomwe mu 1998 inatenga Bundesliga itangokwera kumene, pansi pa Otto Rehhagel. Kuyambira m'mawa Berlin inali yofiira, ndipo kufiira kwake kunali kwa iwowa. Mu Olympiastadion, bwalo lomwe Jesse Owens anatengera golide anayi mu 1936, munali anthu oposa 74,000. Mpira usanayambe mbali yathu inakweza chinsalu cha chimdierekezi chachikulu kufika kudenga, moto ndi utsi zili tolotolo, poti timuyi amaitcha ziwanda zofiira. Mayi anga akanaona akanayamba pemphero. Zonsezo amalipira ndi kusoka ochemerera okha.

Leverkusen ndaiona tsopano ndi maso anga. Granit Xhaka amayendetsa timu ngati woyendetsa ngolo wodziwa ng'ombe zake, osathamanga, osakuwa kwambiri. Patangodutsa kotala la ola anaumenya ndi mwendo wamanzere ali kutali, mpira n'kukalowa m'mwamba pakona. Florian Wirtz akalandira mpira amakhala ngati anauona kale dzulo. Odilon Kossounou analandira khadi yachikasu yachiwiri asanakapume, ndipo mbali yathu inadzuka poganiza kuti mwayi wafika. Mphunzitsi Friedhelm Funkel, wa zaka 70, anayesa zonse. Koma Edmond Tapsoba ndi Jonathan Tah anatseka pakhomo, ndipo anthu khumiwo ndi amene ankaoneka ochuluka. Yathera 1-0. Ligi ndi chikho, m'dziko muno chaka chonse osagonja.

Wezulo itaombedwa ndinkafuna kuona Xhaka ndi anzake akunyamula chikho, koma sindinathe kumva n'komwe zolengeza. Anthu ondizungulira, omwe timu yawo yangogonja kumene, anakweza masikafu n'kuimba mwamphamvu kuposa poyamba, osewera awo ataima patsogolo pawo manja ali m'chiuno, ena akupukuta misozi. Zithunzi zomwe ndajambula ndaziona tsopano kuhotela. Chikho chikuoneka pa chimodzi chokha, chaching'ono ngati kambewu ka chimanga. Zina zonse ndi misana ya anthu ndi masikafu.

Lolemba, 27 May, Köln

Ndikupakira. Mwana wa achemwali wasonkhanitsa kwa anzake nsapato za mpira zomwe zinawathina, mapeya asanu ndi awiri, akuti, "Amalume, mukapatse atsikana a kwanu, mwina muli Chawinga wina." Chikwama chalemera, achemwali achotsamo mabuku anga kuti nsapato zilowe.

Alamu ndawapeza pa kompyuta m'mawa uno, magalasi ali pamphuno. Ndimayesa akugwira ntchito. Amaona za tikiti yawo ya chaka chamawa, malo omwewo oimirira kuseri kwa golo, ligi yachiwiri. Timu yawo ili pachiletso chogula osewera, sakudziwa kuti atsale ndani. Ndawafunsa ngati sakuganiza zopumako chaka chimodzi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Alamu, kupuma n'kupita kuti?"

Usiku uno Bochum, yomwe inagonja 3-0 pakhomo Lachinayi, ikupita ku Düsseldorf kukamenyera malo ake mu Bundesliga. Alamu akuti tionere, ngakhale basi ya ku Frankfurt ikunyamuka 5 koloko m'mawa. Ya Dortmund ndi Real Madrid ndikaonera kumudzi Loweruka, magetsi akalola.